Kudutsa Pabusa M'mapiri a ku Arcturus

Mlangizi wa zaulimi kapena wofufuza za mbewu amaphunzitsidwa zambiri asanayambe ntchito: kuyeza nthaka, kuwerenga mapesi pamzere, kuzindikira kapuchi ndi chiwawu, kulemba lipoti la pamwezi. Pali chimodzi chimene saphunzitsidwa, chonsecho amachichita pafupifupi sabata iliyonse, ndicho kudutsa wapansi pakati pa ng'ombe za eni. Njinga yamoto imaima pamene msewu wathera, ndipo kuchokera pamenepo kukafika kumunda woyeserako mbewu pamakhala dambo, chitunda, ndi gulu la ng'ombe zimene sizimudziwa.

Arcturus ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kum'mawa kwa Harare, m'boma la Goromonzi, chigawo cha Mashonaland East. Dzinali lidatchuka chifukwa cha mgodi wa golide umene udayamba kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, koma kwa anthu a zaulimi limeneli ndi dera la katondo wachonde ndi mvula yokwanira, ya mamilimita 750 mpaka 1,000 pachaka. M'dera lomweli muli malo a kafukufuku a Rattray Arnold, amene adatsegulidwa mu 1973 natchedwa ndi maina a akatswiri awiri a chimanga. Mmodzi wa iwo, Alan Rattray, ndiye adatsiriza ntchito yotulutsa SR52, chimanga cha haibulidi chimene alimi a ku Zambia ndi ku Malawi adachilima zaka zambiri. Motero ofufuza, ophunzira ndi alangizi a maiko osiyanasiyana akhala akuponda njira za kuno kwa nthawi yaitali.

Oyenda m'zitunda zimenezi si a zaulimi okha. Loweruka ndi Lamulungu kumabwera anthu a mumzinda odzakwera mapiri a Chishawasha, pafupi ndi mishoni imene ansembe a Chijezuiti adatsegula mu 1892. Ena amapita kukaona zomera ku Ewanrigg, ena amalowera kumpoto ku matanthwe a Domboshava ndi Ngomakurira kumene kuli zojambula zakale za pamiyala. Palinso a mipingo okapemphera kuphiri, ana asukulu odula njira, ndi okumba golide. Onsewa amadutsa pabusa, ndipo ambiri mwa iwo sadawetepo ng'ombe chibadwire.

Kale kudali waya

Mpaka chaka cha 2000 mbali yaikulu ya dera la Arcturus idali ya mapulazi akuluakulu. Antchito ambiri a m'mapulazimo ndi a kumgodi adali ochokera ku Malawi, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia, kapena ana awo. Ena adabwera wapansi, ena pa malole a Ulere, ena polembedwa ndi Mthandizi. M'makomboni munkamveka Chinyanja, ndipo gule wamkulu ankatuluka pa masiku opuma. Pakati pa anthuwa padali abusa a ng'ombe amene ankakalambira pa gulu limodzi, nadziwa khalidwe la ng'ombe iliyonse ndi la make yemwe.

Pa pulazi yotere munthu woyenda ankatetezedwa ndi dongosolo limene mwina sankalidziwa nkomwe. Msipu udali wogawidwa ndi waya. Nkhunzi zidali ndi chigawo chawochawo ndipo zinkalowetsedwa kwa zazikazi kwa miyezi pafupifupi itatu ya dzinja, kotero kuti ana ankabadwa nyengo imodzi, makamaka kuyambira Seputembala mpaka Disembala. Mlendo ankayamba wafika kwa kapitawo, ndipo kapitawo ankamuuza chigawo chimene chidali ndi zobereka ndi chimene chidali ndi nkhunzi. Chipata chotseka pachokha chidali chenjezo.

Boma litayamba kugawa minda mofulumira mu 2000, mapulazi ambiri adaduliridwa alimi ang'onoang'ono a A1 ndi apakati a A2. Za ubwino kapena kuipa kwa kugawako zili ndi eni ake okamba. Chimene chikukhudza woyenda pansi nchakuti m'malo ambiri waya adachoka ndipo sadabwezeretsedwe. Ng'ombe za eni osiyanasiyana zimadyera pamodzi. Nkhunzi imayenda ndi zazikazi chaka chonse, choncho mwana wa ng'ombe angabadwe mwezi uliwonse. Magazi a Brahman, a ng'ombe zamkaka ndi a Mashona adasakanikirana, ndipo maonekedwe sanenanso zambiri za khalidwe. Abusa akale ambiri adabalalika, ndipo pa tchuthi cha sukulu ndodo imakhala m'manja mwa mwana wa zaka 10. Mapulazi a waya alipobe ndithu, koma woyenda sangadziwiretu pamene dongosolo lakale lathera. Ntchito imene waya ankagwira yatsalira maso a woyendayo ndi pakamwa pa mbusa. Alangizi a ku Dedza, ku Angonia ndi ku Chipata sadzaona chachilendo pamenepa, pakuti kwawoko zakhala zili chomwecho kuyambira kale.

Choyamba tsono ndicho kufunafuna mbusa munthu asanalowe pabusa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mlangizi wovala bwino, wonyamula mafayilo, nthawi zina amaona ngati kuima kuti afunse mnyamata wa nsapato zong'ambika nkudzitsitsa, ndipo kunyada kotereku nkodula. Moni ukaperekedwa mwaulemu, mafunso ake ndi atatu: "Pepani bambo, kodi m'gulumu muli nkhunzi? Zilipo zobereka kumene? Nanga ilipo yogunda?" Pafupifupi gulu lililonse lili ndi ng'ombe imodzi imene mudzi wonse umaidziwa, ndipo mbusa amailoza ndi ndodo mosazengereza. Amadziwanso kumene gulu likulowera ola limenelo, kumadzi kapena kukhola. Mbusa akakhala mwana mafunso ndi omwewo ndipo mayankho ake amakhala oona, koma woyenda asayembekeze kuti mwanayo angabweze nkhunzi imene yatsimikiza.

Mmene ng'ombe imaonera munthu

Maso a ng'ombe ali m'mbali mwa mutu. Imaona mozungulira madigiri opitirira 300 popanda kutembenuka, koma kumbuyo kwake kwenikweni kuli malo amene siiona, ndiponso siitha kuyeza bwino kutalikira kwa chinthu chimene chili chakumbali. Chinthu chogwedezeka mwadzidzidzi imachiona msanga isanadziwe kuti nchiyani. Munthu wotulukira mwakachetechete m'tsekera chakumbuyo kwake amaidzidzimutsa, ndipo yankho lake ndi theche, limene ng'ombe imaponya chakumbali ndi chakumbuyo komwe. Nchifukwa chake abusa amayenda akuimba mluzu kapena kulankhula: ng'ombe imve kuti kukubwera munthu akadali patali.

Temple Grandin wa ku yunivesite ya Colorado State ku America adalongosola m'mabuku chimene abusa adachidziwa kalekale, chakuti ng'ombe iliyonse ili ndi bwalo lake losaoneka. Munthu akakhala kunja kwa bwalolo, ng'ombe imadzutsa mutu, kumuyang'ana, nkubwerera kudya. Akalowa mkati, imasuntha. Ng'ombe yapangolo imene imagwidwa tsiku ndi tsiku bwalo lake ndi laling'ono zedi. Ya Brahman yokulira kutchire, yoona anthu pa tsiku la dibi lokha, bwalo lake lingafike mamita makumi angapo. Ngozi imabwera pamene ng'ombe yalowereredwa m'bwalo koma ilibe kothawira, monga pakati pa thanthwe ndi mtsinje, kapena pamene ili ndi chifukwa chosathawira, monga mwana. Palibe tsono mtunda umodzi umene ungalembedwe m'buku kuti ndiwo wokwanira. Muyeso ndi ng'ombeyo. Ikasiya kudya nkuima chilili, mutu m'mwamba, makutu onse kutsogolo, woyenda wafika pamalire ndipo ayenera kukhota nkuzungulira gulu lonse, ngakhale njira italike ndi mphindi 15.

Kulemera kwake kusaiwalike. Ng'ombe yaikazi ya Mashona, imene anthu amati njaing'ono, imalemera ngati matumba 6 a chimanga a makilogalamu 50, pamene nkhunzi ya Brahman yokhwima imatha kupitirira matumba 16. Pa mtunda waufupi zonsezi zimathamanga kuposa munthu. Kusowa nyanga sikuchepetsa ngozi kwenikweni, pakuti ambiri ovulala kwambiri amagwetsedwa ndi mutu, kenaka kupondedwa kapena kukanikizidwa pachifuwa.

Yoyamwitsa, ndi galu

Anthu amaopa nkhunzi, komatu woyenda pansi amakumana kawirikawiri ndi yaikazi yoyamwitsa. Masiku oyamba ikabereka, ng'ombe imasiya mwana atagona m'udzu nkukadyera chapatali, khutu lili komweko. Woyenda amatha kuponda pafupi ndi thole osaliona, kapena kuliona nkuwerama kuti aone ngati likudwala. Thole likalira kamodzi make amabwera, ndipo nthawi zambiri zinzake zimatsatira. M'magulu amene akusungabe kalendala yakale, nyengo yobereka imagwera pamene alangizi ali pakalikiliki kuyeza minda yachitsanzo ndi kukhoma zikhomo mvula isanagwe. Lamulo lake ndi losavuta: thole lisakhudzidwe, ndipo munthu asadutse pakati pa thole ndi make. Ng'ombe yaikazi ya bere lotuta imene ili payokha, ikulira motsitsa ndi kuyang'ana malo amodzi, mwana wake ali pamenepo.

Kwa ng'ombe yoyamwitsa galu sasiyana ndi nkhandwe kapena fisi. Ofufuza a ku yunivesite ya Liverpool adasanthula nkhani 54 za anthu oyenda pansi amene adaputidwa ndi ng'ombe ku Britain kuyambira 1993 mpaka 2013. Pafupifupi nkhani imodzi mwa zinayi zilizonse idathera pa imfa, ndipo pa nkhani ziwiri mwa zitatu zilizonse padali galu.

Nkhani imene idasinthitsa malamulo idachitika ku Austria, m'chigwa cha Pinnistal m'mapiri a Tyrol, mu Julayi 2014. Kumeneko ng'ombe zimakwezedwa kumapiri nyengo yotentha, ndipo njira za alendo zimadutsa pabusa pomwepo. Mayi wina wa ku Germany, wa zaka 45, ankayenda ndi galu wake pa njira yotere pamene padali ng'ombe zoyamwitsa. Chingwe cha galu adachimanga m'chiuno. Ng'ombe zitamuzinga sadathe kuchimasula msanga, ndipo zidamuponda mpaka kufa. Mu Febuluwale 2019 khoti la ku Innsbruck lidagamula kuti mwini ng'ombe alipire banja la mayiyo, ponena kuti zikwangwani zochenjeza zimene adaika sizidali zokwanira pa malo odutsa anthu ambiri chotero ndipo akadamanga mpanda. Alimi a m'mapiri adakwiya, ena naopseza kuti atseka njira. Khoti la apilo lidagawa mlandu pakati, theka kwa mlimi ndi theka kwa malemuyo, ndipo khoti lalikulu lidavomereza zimenezi mu 2020. Mu 2019 momwemo boma la Austria lidasintha lamulo kuti woyenda nayenso asenze udindo wake, nkufalitsa malangizo 10 a kayendedwe ka pabusa.

Phunziro lagona pa chingwecho. Galu asiyidwe kunyumba. Ngati alipo, chingwe chikhale chachifupi ndi chogwira m'manja, osati chokulunga padzanja kapena chomanga m'chiuno, ndipo ng'ombe zikayamba kubwera mothamanga chingwecho chitayidwe. Galu ali ndi liwiro lodzipulumutsa, ndipo ng'ombe zimatsata iyeyo nkumusiya munthu. Kunyamula galu m'manja ndiko kuziitanira ng'ombe pachifuwa. Kuno kwathu agalu sayenda pachingwe kawirikawiri. Amangotsatira mlimi amene akuperekeza mlangizi kumunda, awiri kapena atatu. Ngozi yake njomweyo, chifukwa galu wothamangitsidwa amathawira pamiyendo ya mbuye wake ng'ombe ili pambuyo. Palibe chipongwe mlangizi akapempha mlimi kuti agalu atsale pakhomo.

Nkhunzi

Nkhunzi yoopsa kwambiri kawirikawiri imakhala imene idazolowera anthu. Edward Price ndi mnzake Wallach a ku yunivesite ya California ku Davis adafalitsa mu 1990 zotsatira za kafukufuku wawo pa nkhunzi za Hereford: zoleredwa ndi anthu, iliyonse payokha, zidakula zaukali kwa anthu kuposa zoleredwa pamodzi ndi zinzake. Nkhunzi yokula ikumwetsedwa mkaka m'ndowa ndi kusisitidwa pamphumi imataya mantha, ndipo ikakhwima imamuyesa munthu mnzake wolimbana naye. Ichi nchimodzi mwa zifukwa zimene nkhunzi za mitundu yamkaka zili ndi mbiri yoipa. Lamulo la ku England ndi Wales la 1981 limaletsa kusunga nkhunzi yopitirira miyezi 10 ya mitundu monga Friesian, Holstein ndi Jersey pa msipu wodutsa njira ya anthu onse. Za mitundu ina zimaloledwa pokhapokha zili pamodzi ndi zazikazi. Madera ozungulira Harare akhala a ulimi wa mkaka kwa nthawi yaitali, choncho nkhunzi yamawanga akuda ndi oyera si yachilendo m'magulu a masiku ano. Mawu akuti "imeneyo njofatsa, tidaikuza tokha" asamutonthoze mlendo.

Nkhunzi imachenjeza isanagunde. Imaima chopingasa kuti munthu aone kukula kwa thupi lake, msana utapindika, khosi litauma. Kenaka imatembenukira kwa munthuyo, kutsitsa mutu, kupalasa pansi ndi mwendo wakutsogolo, mwina kukumba chulu ndi nyanga. Pamenepa woyenda abwerere chafutambuyo pang'onopang'ono, osaifulatira, osakuwa, osaiponya miyala, akulowera kumene kuli mtengo waukulu, thanthwe kapena waya. Ikayamba kuthamanga, chothandiza ndi kuika chinthu cholimba pakati pa iye ndi iyo. Chikwama kapena jekete loponyedwa pansi nthawi zina limaichedwetsa pang'ono. Pa waya, kugona pansi nkugubuduzika kunsi nkwachangu kuposa kukwera, ngakhale malaya atsalire pa minga.

Misoti ndi tinkhunzi tating'ono ndi nkhani ina. Izi zimathamangira munthu chifukwa cha chidwi, michira m'mwamba, ndipo zimaima zokha zikayandikira. Wothawa zimamutsatira mwamasewera, ndipo masewera a ng'ombe 20 amathyola nthiti. Munthu aime, atembenukire kwa izo, akweze ndodo kapena manja, alankhule mwamphamvu, kenaka apitirire kuyenda modekha. Ogwira ntchito za mbewu adziwenso ichi: ng'ombe zimene zimapatsidwa mchere kapena chakudya choonjezera m'chilimwe zimadziwa thumba. Wonyamula thumba loyera la zitsanzo za dothi paphewa m'mwezi wa Ogasiti amaoneka ngati wabweretsa chakudya, ndipo gulu lonse limabwera nthawi imodzi likukankhana. Thumbalo liikidwe pansi ndipo munthu apatuke; angathe kulitenga ng'ombe zikakhumudwa nalo.

Pachitunda

Paphiri zonsezi zimakula chifukwa malo ndi ochepa. Njira zambiri za m'zitunda zidapondedwa ndi ng'ombe zomwe, ndipo zimadutsa pakati pa miyala ndi mitengo ya msasa pamene sipangapambanidwe. Ng'ombe yotsika siima msanga, makamaka zinzake zikamaikankha kumbuyo. Wokumana ndi gulu pa njira yotere apatuke msanga chakumtunda, kuseri kwa mwala kapena mtengo, nkuzilola zidutse zonse, kuphatikizapo yotsalira imene imabwera mothamanga kufuna zinzake. Nthawi zoipa ndi m'mawa potuluka m'khola, masana popita kumadzi, madzulo pobwerera, ndi tsiku la dibi pamene magulu ambiri ndi nkhunzi zosadziwana zakumana pa njira imodzi. Oyenda usiku, monga opita kumapemphero, akumbukire kuti kuwala kwa tochi m'maso kumaisokoneza ng'ombe yogona panja.

Ku Arcturus kuli choonjezera. Okumba golide asiya maenje ambiri m'zitunda, ena obisika ndi udzu kuyambira Febuluwale mpaka moto utadutsa. Munthu wobwerera chafutambuyo maso ali pa nkhunzi, kapena wothawira m'tsekera, angapulumuke nyanga nkugwera m'dzenje lakuya. Nkwanzeru kuyang'aniratu pothawira munthu asanayandikire gulu, ndi kufunsanso mbusa za maenje.

Wogwetsedwa pansi adzipinde, aphimbe mutu ndi khosi ndi manja, ndipo akapeza mpata akwawire kumene kuli chotchinga. Akapulumuka apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale pasaoneke bala. Kupondedwa pamimba kapena pachifuwa kungang'ambe kapamba kapena chiwindi, magazi nkumatayikira mkati munthu akuyenda ndi kuseka, ndipo chizungulire chimabwera patapita maola. Bala la nyanga limakhala lakuya kuposa mmene pakamwa pake pakuonekera, limalowa ndi dothi ndi ndowe, ndipo limafuna kutsukidwa ndi achipatala pamodzi ndi katemera wa kafumbata. Ichi nchifukwa china chosayendera wekha kumadera a kutali: ofesi idziwe kumene mlangizi walowera ndi ola limene akuyembekezeka kubwerera.

Zimene sizigunda

Ng'ombe yodwala siitsata malamulo ali pamwambawa. Chiwewe chidakhazikika mu Zimbabwe kuyambira 1950, ndipo kafukufuku wa madokotala a ziweto a ku Harare m'zaka za m'ma 1990 adasonyeza kuti m'mapulazi a ku Mashonaland nkhandwe ndizo zinkachifalitsa kwambiri, ng'ombe nkumalumidwa kubusa. Ng'ombe yachiwewe imalira mosalekeza ndi mawu osasa, imachucha dovu, imadzikakamiza ngati yadzimbidwa, ndipo ina imathamangitsa chilichonse choyenda. Choipitsitsa nchakuti imaoneka ngati yatsamwa chitsononkho, ndipo mlendo wachifundo, poti ndi wa zaulimi, amapemphedwa kuti apise dzanja kukhosi. Asapise. Dovu likakhudza bala kapena maso, malowo atsukidwe ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, bala ndi sopo yemwe, ndipo munthuyo akalandire katemera mosachedwa, pakuti zizindikiro zikayamba palibenso mankhwala.

Yakufa nayo isakhudzidwe. Kuyambira 1978 mpaka 1980, nkhondo itasokoneza katemera ndi madibi, Zimbabwe idaona mliri wa anthrax umene udagwira anthu opitirira 10,000 nupha 182, ambiri chifukwa chosenda kapena kudya ng'ombe zofa zokha. Mtembo wotupa msanga, wotuluka magazi akuda osaundana m'mphuno ndi kumbuyo, usatumbulidwe, chifukwa tizilombo take tikakumana ndi mpweya timakhala m'nthaka zaka zambiri. Ntchito ya woyenda ndi kukauza mwini ndi a zaziweto. Kuyambira cha m'ma 2017 matenda a nkhupakupa amene ku Zimbabwe amawatcha January disease apha ng'ombe zochuluka m'zigawo za Mashonaland. Amenewa sagwira munthu, koma achulukitsa mitembo kubusa ndi nyama yotsika mtengo m'midzi, ndipo ndi maso okha munthu wamba sangasiyanitse chimene chapha.

Chimene woyenda amabwerera nacho kawirikawiri ndi nkhupakupa. Mu 1992 Patrick Kelly wa ku yunivesite ya Zimbabwe ndi anzake adapeza m'magazi a wodwala kachilombo kamene mu 1996 kadatchedwa Rickettsia africae. Kamafalitsidwa ndi nkhupakupa zamawanga za mtundu wa Amblyomma, zimene zimakhala pa ng'ombe ku Zimbabwe, ku Zambia, ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo zing'onozing'ono zake zimakwera munthu zambiri nthawi imodzi. Patapita masiku 5 mpaka 10 munthu amatentha thupi, mutu umawawa, minofu imaphwanya, mwanabere amatupa, ndipo polumidwa pamaoneka kachilonda ka nkhanambo yakuda. Ambiri amaganiza kuti ndi malungo. Mlangizi woyezedwa malungo osapezeka anene kuchipatala kuti wakhala akuyenda pabusa, ndipo aonetse kachilondako; mankhwala a doxycycline amachiza. Buluku lalitali lolowetsa m'sokosi, ndi kudzifufuza thupi lonse madzulo, makamaka m'mphechepeche, m'khwapa ndi kuseri kwa mawondo, zimachepetsa vutoli.

Woyenda nayenso angavulaze ng'ombe. Kachilombo ka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi kamayenda pa nsapato ndi pa matayala. Mliri wa mu Ogasiti 2001 udatsekera Zimbabwe msika wa nyama wa ku Ulaya, ndipo mlangizi woyendera makola asanu tsiku limodzi, kapena wochokera kutsidya kwa malire, ali m'gulu la anthu amene angakanyamule osadziwa. Ndowe zipalidwe ku jombo asanachoke pa pulazi, ndipo kumene a zaziweto atseka njira kusalowedwe. Chipata chisiyidwe mmene chapezedwera, chotseka kapena chotsekula, pakuti mwini ali ndi chifukwa chake. Thumba la feteleza wa urea losiyidwa pamphepete pa munda woyeserako mbewu limakopa ng'ombe zofuna mchere, ndipo pang'ono pokha pamapha ng'ombe yosazolowera isanathe tsiku. Mlandu wotero umathetsa ubale wa ofesi ya zaulimi ndi mudzi kwa zaka.

Posankha malo a munda wachitsanzo, maofesi ambiri amalemba mtundu wa nthaka, mbewu ya chaka chatha ndi dzina la mlimi. Pa pepala lomwelo pangawonjezedwe mizere iwiri: njira yofikira kumundako ndi ya ng'ombe kapena ayi, ndipo mwini gulu lodyera pamenepo ndani. Pokonza tsiku lachionetsero, pamene anthu 100 kapena kupitirira adzadutsa njira yomweyo ndi maambulera, ana ndi agalu, abusa auzidwe kudakali sabata kuti tsikulo adzadyetsere kutsidya lina la dambo.